Cholowa cha kwa malume: woimba gitala wa jazz amene ndamusankha

Pa tchuthi chapitachi, tili pakhonde madzulo magetsi atazima, malume anga anandifunsa funso lomwe landisowetsa mtendere mpaka lero. Ndinali nditawauza kuti masiku ano ndikumvera kwambiri jazz, makamaka oimba gitala. Anayamba aseka kaye, kenaka anati: "Chabwino mphwanga. Akufa asiye, poti munthu akafa aliyense amamutama. Mwa amoyo, wako ndani?"

Yankho lawo ndinkalidziwa kale. M'kabati mwawo muli makaseti a George Benson omwe anagula ali mnyamata, ena oti tepi yake inaduka n'kuilumikiza ndi selotepi. Ine ndinangoti, "Mundipatse nthawi, malume, ndiganize." Nkhani ino ndiye yankho langa, ndipo ndikudziwa kuti akaiwerenga pena adzapukusa mutu.

Funsoli ndi lovuta kuposa mmene likumvekera. Womwalira mbiri yake inatsekedwa, ndipo ukamutama sangadzakuchititse manyazi mawa. Wamoyo akadali pa ulendo. Chaka chamawa akhoza kutulutsa chimbale chosakoma, anzako n'kukukumbutsa zomwe unanena. Komanso ine ndimaphunzira mbiri yakale, ndiye sindingasankhe munthu ndisanafunse kuti luso lake analitenga kwa yani. Ndiloleni choncho ndiyambire kutali pang'ono.

Jazz itayamba ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, gitala sinali ndi ulemu. Vuto lake linali limodzi: sinkamveka. Pakati pa malipenga ndi ng'oma, mawu a gitala ankangomira. Chida cha nsambo chomwe chinkalamulira pa zimbale zoyambirira chinali banjo, chifukwa kulira kwake n'kwakuthwa. Mu gulu la Louis Armstrong lotchedwa Hot Five, lomwe linayamba kujambula nyimbo mu 1925, Johnny St. Cyr ankaliza banjo ya nsambo 6. Banjoyo payokha ili ndi mbiri yake. Inapangidwa ndi akapolo a ku Caribbean ndi ku America potengera zida za kwawo ku West Africa, monga akonting ya anthu a mtundu wa Jola a ku Senegal ndi Gambia.

M'chaka chomwecho cha 1925 makampani ojambula nyimbo anayamba kugwiritsa ntchito maikolofoni, ndipo zida za mawu ofatsa zinayamba kumveka pa chimbale. Apa ndi pomwe anatulukira Eddie Lang wa ku Philadelphia, mwana wa anthu ochokera ku Italy, yemwe dzina lake lenileni linali Salvatore Massaro. Mu 1928 ndi 1929 anajambula nyimbo za magitala awiri pamodzi ndi Lonnie Johnson, munthu wakuda wa ku New Orleans. Koma poti nthawi imeneyo mzungu ndi wakuda kuimba limodzi zinali zosayembekezeka, pa zimbalezo Lang anamulemba kuti Blind Willie Dunn, kuti ogula aziganiza kuti onse awiri ndi akuda. Tsono gitala inalowa mu jazz kudzera pa ubwenzi womwe unayenera kubisidwa.

Ngakhale zinali choncho, pabwalo la dansi gitala inkangogwirabe ntchito ngati ng'oma, kusunga kugunda kwa nyimbo. Freddie Green anakhala mu gulu la Count Basie kuyambira 1937 mpaka imfa yake mu 1987, akumenya nsambo kanayi pa muyeso uliwonse, pafupifupi osaimbapo payekha. Ndimamulemekeza ngati mlimi wolima munda umodzi zaka 50 osadandaula. Koma amene anasintha zinthu ndi mnyamata wina wa ku Oklahoma City, Charlie Christian. Kampani ya Gibson inatulutsa gitala ya magetsi ya ES-150 mu 1936, ndipo Christian anazindikira kuti ndi amplifaya gitala ikhoza kulankhula liwu limodzi limodzi ngati saksofoni. Mu 1939 John Hammond, munthu wosaka oimba aluso, anamutengera kwa Benny Goodman. Masana ndi madzulo ankaimba ndi Goodman, ndipo usiku ankapita ku Minton's Playhouse ku Harlem, komwe Thelonious Monk ndi Kenny Clarke ankayesa kaimbidwe katsopano komwe kanadzatchedwa bebop. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu cha TB mu 1942 ali ndi zaka 25, msinkhu wa anzanga ena a m'kalasi. Zaka zake zotchuka sizinakwane n'komwe zitatu.

Nditawerenga mbiri za anthu amenewa ndinaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Pafupifupi aliyense amene anapititsa gitala patsogolo anachita zimenezo polimbana ndi chosowa china chake. Mlembi Ralph Ellison, yemwenso anakulira ku Oklahoma City, anakumbukira kuti Christian ali mwana ankapanga magitala ndi timabokosi ta ndudu. Ku France, Django Reinhardt, wa mtundu wa Aromani, anapsa mu 1928 ngolo yomwe ankagonamo itayaka moto, ndipo zala ziwiri za dzanja lake lamanzere zinapuwala. Anaphunziranso kuimba ndi zala ziwiri zotsalazo, ndipo mu 1934 iye ndi Stéphane Grappelli anayambitsa gulu la Quintette du Hot Club de France. Wes Montgomery wa ku Indianapolis anaphunzira pomvera zimbale za Christian n'kumatsanzira liwu ndi liwu. Masana ankawotcherera zitsulo kuti adyetse banja, choncho nthawi yophunzira inali usiku. Pofuna kusasokoneza anthu ogona, anasiya kachipande kokhwatchira nsambo n'kumagwiritsa ntchito chala chamanthu. Mawu ofewa, onenepa aja omwe lero oimba ambiri amawasirira anabadwa chifukwa choopa kudzutsa anthu.

Montgomery ndiyenso anakumana ndi funso lomwe malume anga amalikonda. Cannonball Adderley atamumva mu 1959, anamulumikiza ndi kampani ya Riverside, ndipo chimbale chake cha 1960, The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery, chinamupatsa ulemu waukulu pakati pa odziwa jazz. Koma ulemu sadya. M'zaka zake zomaliza anayamba kujambula nyimbo zotchuka za pa wailesi, kuphatikizapo za The Beatles, ndipo olemba nkhani za jazz anamunena kuti wagulitsa luso. Anamwalira ndi matenda a mtima mu 1968 ali ndi zaka 45, atangoyamba kumene kulawa zipatso za thukuta lake.

Tsopano tafika kwa amoyo, ndipo woyamba ndi wa malume. George Benson anabadwa mu 1943 ku Hill District, dera la anthu akuda mu mzinda wa Pittsburgh. Anayamba kuimba pofuna timakobidi ali kamwana, ndipo anajambula nyimbo zake zoyamba, monga woimba pakamwa, asanakwane zaka 12. Sukulu yake yeniyeni inali gulu la Jack McDuff, katswiri wa limba, lomwe ankayenda nalo m'mabala a m'mizinda ya ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. John Hammond yemwe uja, amene anatulukira Christian, ndi amene anamutengera Benson ku kampani ya Columbia. Mu 1968 anamveka pa chimbale cha Miles Davis cha Miles in the Sky. Aliyense wokayika ngati Benson ndi woimba jazz weniweni akamvere Beyond the Blue Horizon cha 1971. Liwiro lake ndi loopsa, koma liwu lililonse limatera pamalo pake.

Kenaka kunabwera Breezin' mu 1976. Chimbalechi chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zonse zogulidwa kwambiri ku America, chinthu chachilendo kwa woimba jazz, ndipo nyimbo yake ya This Masquerade inalandira mphotho ya Grammy ya nyimbo yopambana pa chaka. Mu 1980 anagwira ntchito ndi Quincy Jones pa Give Me the Night. Mlandu womwe anamuimba Montgomery anamuimbanso Benson: wasiya jazz, wathamangira ndalama.

Malume akamva mlandu umenewu amakwiya. Iwo amati woimba naye ali ndi mimba, ndipo amene amanena zogulitsa luso ndi anthu oti sanagonepo ndi njala. Ndimadziwa kuti akamanena zimenezi sakunena za Benson yekha. Ndi iwo amandilipirira fizi, ndipo kangapo konse andifunsapo kuti maphunziro a mbiri yakalewa ndidzadya nawo chiyani. Kwa iwo Benson ndi chitsanzo cha munthu wanzeru: anali ndi luso, analisandutsa chakudya, ndipo sanapepese kwa munthu. Ndikasankha wina, zikhala ngati ndakana malangizo awo. Ichi n'chifukwa chake pakhonde paja ndinakhala chete.

Ndisanafike pa chisankho changa, nditchule ena omwe ndinawaganizira. Pat Metheny wa ku Missouri anatulutsa Bright Size Life mu 1976, chaka chomwecho cha Breezin', ndipo walandira mphotho za Grammy zokwana 20. Ali ndi gitala ina ya nsambo 42 yomwe anamupangira mayi wina wa ku Canada, Linda Manzer. Nyimbo zake ndimaziyatsa ndikamawerenga usiku, koma zimandionetsa zigwa za ku America zomwe sindinazionepo, ndipo ndimazisirira ngati mlendo. John Scofield, yemwe anaimba ndi Miles Davis m'zaka za m'ma 1980, amandisangalatsa ndi mmene amachedwetsera liwu mwadala mpaka mtima kuti myuu. Bill Frisell amadziwa kukhala chete kuposa onse. Aliyense mwa amenewa akhoza kukhala yankho labwino la munthu wina.

Langa ndi Lionel Loueke.

Loueke anabadwa mu 1973 ku Benin. Anayamba ndi ng'oma ndi kuimba pakamwa, ndipo gitala anaigwira mochedwa, ali ndi zaka 17, potsatira mkulu wake. Zinamutengera pafupifupi chaka kusonkhanitsa ndalama zogulira yakeyake. Nsambo zatsopano zinali zodula, ndiye zikachita dzimbiri ankaziviika mu viniga, ndipo zikaduka ankaikapo waya wa mabuleki a njinga, ngakhale unkamupweteka zala. Nditawerenga zimenezi ndinaimika kaye, chifukwa waya ameneyo ndimamudziwa. Ndi yemwe uja anyamata a kwathu amamanga pa banjo ya chigubu cha mafuta.

Apa pali chinthu chomwe Mmalawi aliyense ayenera kuchiona. Kuno mawu oti jazz tinawapatsa tanthauzo lathulathu kalekale. Asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ndi anthu obwerera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale anabwera ndi mabanjo, magitala ndi zimbale, ndipo anyamata a m'midzi anayamba kupanga zida zawo n'kumatcha magulu awo jazz band. Malemu Alan Namoko wa ku Thyolo, yemwe anali wosaona, gulu lake linali Chimvu Jazz. Kwa Singano ku Chileka kunali Daniel ndi Donald Kachamba, omwe katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 n'kuyamba kujambula ndi kulemba za kwela yawo. Banjo yomwe makolo ake anachoka mu Africa pa zombo za akapolo, ndipo jazz ya ku America inaitaya n'kutenga gitala, kuno inalandiridwa n'kupatsidwa dzina la jazz lomwelo. Choncho nkhani ya mnyamata womanga waya wa njinga pa gitala si yachilendo kwa ife.

Chomwe chinamutembenuza Loueke ndi nyimbo za George Benson zomwe mnzake anamubweretsera. Anadabwa kuti munthu angathe bwanji kupeka nyimbo pomwepo pa liwiro lotere, ndipo anaganiza zokaphunzira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1990 anapita ku sukulu ya zaluso ku Abidjan m'dziko la Ivory Coast, mu 1994 ku American School of Modern Music ku Paris, ndipo mu 1999 ku Berklee College of Music ku Boston. Mu 2001 anakayesedwa ku Thelonious Monk Institute of Jazz ku Los Angeles pamaso pa Herbie Hancock, Wayne Shorter ndi Terence Blanchard, ndipo anamutenga. Patapita zaka zochepa analowa gulu la Hancock. Gitala yake ili pa River: The Joni Letters, chimbale chomwe mu 2008 chinalandira Grammy ya chimbale chopambana pa chaka, chachiwiri chabe cha jazz kulandira mphotho imeneyi chichokereni Getz/Gilberto mu 1965. M'chaka chomwecho cha 2008 kampani ya Blue Note inatulutsa chimbale chake cha Karibu, ndipo mu 2010 kunabwera Mwaliko, pomwe anaimba ndi Angélique Kidjo, mnzake wa ku Benin.

Koma mndandanda wa masukulu ndi mphotho si umene unandikopa. Chinandikopa ndi zomwe anachita atamaliza kuphunzira zonsezo. Akanatha kukhala Benson wachiwiri, ndipo oterowo alipo ambiri. M'malo mwake anabwerera ku mawu omwe anakulira nawo. Amalowetsa kapepala pakati pa nsambo, pafupi ndi pomwe zamangidwira, kuti gitala izilira mofupikitsa ndi monjenjemera ngati kalimba. Amaliza ndi zala, osati kachipande, ndipo nthawi yomweyo amamenya thupi la gitala ngati ng'oma. Amaimba m'chilankhulo cha kwawo cha Fon, n'kumathethetsa lilime monga amachitira olankhula Chixhosa. Nyimbo zina amaziyendetsa pa kugunda 7 m'malo mwa 4, koma sizimveka ngati samu. Ukatseka maso umaganiza kuti pali anthu atatu, pomwe ali yekha. Pa chimbale cha HH cha 2020 anatenga nyimbo za Hancock, mphunzitsi wake, n'kuziimba yekhayekha ndi gitala ndi pakamwa. Ndi chimbale chimenechi chomwe chinanditsimikizira.

Mu mbiri yomwe ndafotokoza ija, Christian anachititsa gitala kulankhula ngati saksofoni, ndipo Montgomery anaipatsa mawu ofewa a chala chamanthu. Loueke waikumbutsa kuti ndi ng'omanso, ntchito yomwe Freddie Green ankagwira ndipo oimba a pambuyo pake anaithawa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amagwira ntchito ya ng'oma ndi ya saksofoni pa nthawi imodzi. Pa amoyo onse omwe ndawamva, ndi iye amene wawonjezera chinthu chomwe panalibe.

Ndadzifunsa moona mtima ngati sindikungomusankha chifukwa ndi wa mu Africa. Tsankho lotere lilipo, ndipo m'makalasi mwathu timalitcha mayina okoma. Koma ndikanakhala ndikusankha mwachibale, sindikanapita kutali choncho. Pali Erik Paliani, Mmalawi mnzathu, yemwe anakonza chimbale cha Hugh Masekela cha Phola. Pali Jimmy Dludlu, wobadwira ku Mozambique, yemwe nyimbo zake zakhala zikumveka m'dera lathu lino kwa zaka zambiri. Onsewa ndi apafupi kuposa Cotonou, ndipo Chifon sindimvapo ndi liwu limodzi lomwe. Ndivomerenso kuti Loueke ali ndi zofooka zake. Nyimbo zake zina zimapota kwambiri moti pofika pakati umaiwala komwe zinayambira, ndipo palibe yomwe ingadzutse anthu pa ukwati ngati mmene Give Me the Night imachitira. Malume adzati ndi nyimbo zosavinika, ndipo pa zina adzakhala akunena zoona.

Komabe pofufuza zonsezi ndapeza kuti ine ndi malume sitinasiyane monga ndinkaopera. Taganizani mmene nyimbo za Benson zinafikira m'manja mwa mnyamata wa ku Benin. Zimbale za oimba omwe anakana kugulitsa luso, omwe olemba nkhani ankawatama, zambiri zinathera m'masitolo ochepa a ku New York, London ndi Paris. Dzina lomwe linawoloka nyanja mpaka kufika m'misika ya makaseti ya ku West Africa, ndi m'kabati mwa malume anga, ndi la munthu amene anafika pa nambala 1. Kutchuka komwe Benson anaimbidwa nako mlandu ndi komwe kunatsegula njira yoti Loueke amumve. Popanda wa malume, wanga sakanakhalapo mmene alili.

Kwathu, pa mwambo wa Achewa, ufumu suchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Umachoka kwa malume kupita kwa mphwake, mwana wa mlongo wawo, yemwe nthawi zina anakulira mudzi wina. Gitala ya jazz yayenda chimodzimodzi. Montgomery anatenga cholowa cha Christian kudzera pa zimbale. Benson anamudziwa Montgomery ndipo sabisa kuti anaphunzira kwa iye. Loueke anamva Benson ali kutsidya lina la nyanja. Palibe mwa iwo amene anabala mnzake, koma mpando wakhala ukuyenda. Ndipo mphwa akalowa ufumu sayembekezeka kulamula ndendende ngati malume ake. Akangotsanzira chilichonse, anthu amati mudzi waima.

Tsono malume, yankho langa ndi limeneli. Sindinamutaye Benson wanu. Ndasankha mphwake. Funso lanu lina lija, loti ndidzadya chiyani, sindinaliyankhebe, ndipo nkhani ya Montgomery wowotcherera zitsulo masana imandikumbutsa kuti si funso lopusa. Tchuthi chikubwerachi ndibweretsa HH pa foni. Inu mutulutse Breezin' m'kabati muja, ngati tepi yake ikadali yolimba, timvere zonse ziwiri pakhonde pomwe paja, wamkulu ayambe.